25 Juni: mafunso ndi mayankho okhudza tsiku la ufulu, kwa ife a kuno ku Tete

Juni akafika, chimanga chili m'nkhokwe, mphepo yozizira ikuwomba ku mapiri a Angónia ndi Tsangano, ana asukulu amabwera kunyumba ndi ntchito yoti alembe za tsiku la 25. Mafunso awo amagwera makolo ndi agogo, ndipo ambirife timangoyankha kuti ndi tsiku la ufulu, basi. Mayankho ali m'munsiwa ndi a mafunso amene amabwerabwera chaka ndi chaka.

Kodi pa 25 Juni timakumbukira chiyani kwenikweni?

Pa 25 Juni 1975, lomwe linali Lachitatu, Mozambique analeka kulamulidwa ndi Portugal. Mwambo unachitikira ku bwalo la mpira la Machava, kufupi ndi mzinda umene nthawiyo unkatchedwa Lourenço Marques. Dzina loti Maputo linadza mu 1976. Pakati pa usiku, tsiku la 24 likutha, mvula ikugwa, mbendera ya Apwitikizi inatsitsidwa ndipo ya dziko latsopano inakwezedwa. Samora Moisés Machel analengeza ufulu nakhala mtsogoleri woyamba wa dziko limene linatchedwa República Popular de Moçambique. Nduna yaikulu ya Portugal, Vasco Gonçalves, inalipo pamwambowo.

Bwalo la Machavalo linatsegulidwa mu 1968 ndi dzina la Salazar, mtsogoleri wankhanza wa Portugal amene ankakanitsitsa kupereka maiko a mu Africa kwa eniake. Patangopita zaka 7, ulamuliro wa Apwitikizi unathera m'bwalo lomwelo.

Kodi tsikuli linangogwa lokha, kapena analichita kusankha?

Analisankha. Pa 25 Juni 1962, ku Dar es Salaam, kunakhazikitsidwa FRELIMO, ndipo Eduardo Mondlane anasankhidwa kukhala mtsogoleri wake, Uria Simango nakhala wachiwiri. Choncho ufulu unaikidwa pa tsiku limene gululi linkakwanitsa zaka 13.

Njira yofikira patsikuli inayambira ku Lisboa. Pa 25 Epulo 1974 asilikali a Portugal, atatopa ndi nkhondo za ku Guiné, Angola ndi Mozambique, anagwetsa boma la Marcello Caetano. Pa 7 Sepitembala chaka chomwecho, ku Lusaka, Portugal ndi FRELIMO anasainirana pangano loletsa nkhondo, ndipo tsiku la 25 Juni 1975 linalembedwa m'panganolo. Miyezi ya pakatipo dziko linayendetsedwa ndi boma longogwirizira, nduna yake yaikulu ali Joaquim Chissano. Mondlane sanalione tsikuli: anaphedwa ndi bomba lobisidwa m'phukusi ku Dar es Salaam pa 3 Febuluwale 1969.

Mwambo unachitikira kutali kumwera. Nanga anthu a ku Tete akulowamo pati?

Akulowamo kuyambira pachiyambi penipeni. Kusukulu timaphunzira kuti FRELIMO inabadwa pamene magulu atatu anaphatikizana: UDENAMO, MANU ndi UNAMI. Gulu lachitatulo, ngakhale linali laling'ono, linali la anthu a kuno. Mtsogoleri wake, Baltazar Chagonga, anali wa ku Tete, ndipo gululo linkagwira ntchito lili ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi. Izi sizodabwitsa. Anthu a kuno anali atazolowera kale kuwolokera kutsidya pothawa chibalo, msonkho ndi kukwapulidwa m'manja ku ofesi ya boma, ndipo enanso ankapita kukagwira ntchito ku Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni.

Nkhondo inayamba pa 25 Sepitembala 1964, pamene anthu a FRELIMO anathira nkhondo ofesi ya boma ku Chai, ku Cabo Delgado. Ku Tete kunayesedwanso nthawi yomweyo koma sizinalimbe, mwa zina chifukwa boma la Kamuzu Banda ku Malawi linkagwirizana ndi Apwitikizi, moti mkulu wina wachuma wa ku Beira, Jorge Jardim, anali woimira Malawi mumzindawo. Nkhondo ya ku Tete inayambanso mu Malichi 1968, asilikali akulowera ku Zambia, m'madera a kumpoto kwa Zambezi kumene kumakhala Achewa, Ansenga ndi mitundu ina. Mu 1970, mkulu wa asilikali a Portugal, Kaúlza de Arriaga, anaunjika asilikali ake ku Cabo Delgado pofuna kuthetseratu nkhondo. FRELIMO inaonjezera mphamvu kuno, inawoloka Zambezi, ndipo pofika 1972 inali italowa ku Manica ndi Sofala. Apa m'pamene azungu a ku Beira ndi Vila Pery (lero Chimoio) anayamba kumva kuti nkhondo yafika pakhomo.

Amene analipira kwambiri ndi anthu wamba. Masana kunkabwera asilikali a boma kudzafunsa amene akudyetsa "zigawenga". Usiku kunkabwera anyamata a m'tchire kudzapempha ufa ndi anthu onyamula katundu. Boma linasamutsa midzi yambiri n'kuikamo anthu m'malo olondedwa otchedwa aldeamento, kutali ndi minda yawo ndi manda a makolo awo. Dzina la Francisco Manyanga, mmodzi wa atsogoleri a nkhondo ya kuno, limadziwika chifukwa linapatsidwa sukulu ndi malo ena. Amayi amene ankasinja chimanga usiku mopanda phokoso kuti adyetse asilikali, mayina awo sali pa chipupa chilichonse.

Nanga nkhani ya ku Wiriyamu ikugwirizana bwanji ndi tsikuli, poti inachitika mu Disembala?

Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Portugal, pamodzi ndi apolisi achinsinsi a DGS, anazinga midzi ya Wiriyamu, Chawola, Juwau ndi ina yoyandikana nayo, kumwera kwa mzinda wa Tete. Anapha anthu pafupifupi 400, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, ena powatsekera m'nyumba n'kuziyatsa. Opulumuka anafika kuchipatala, ndipo ansembe a mishoni, makamaka a gulu la Burgos ochokera ku Spain, analemba mayina a ophedwa ndi zimene mboni zinaona. Zolembazo zinatulutsidwa m'dziko mobisa.

Pa 10 Julayi 1973, wansembe wa ku England, Adrian Hastings, anafalitsa nkhaniyo mu nyuzipepala ya The Times ku London, kutatsala masiku ochepa kuti Caetano akacheze mumzindawo. Boma la Portugal linakana, mpaka kunena kuti mudzi wa dzina limenelo kulibe. Koma dziko lonse linali litamva, ndipo manyazi amenewo anafooketsa boma lomwe linagwa patangopita miyezi 9. Sikuti Wiriyamu yokha ndiyo inagwetsa Caetano, ayi, koma munthu sangafotokoze bwino za 25 Juni atailumpha. Kupepesa kwa boma la Portugal kunachedwa zaka 50: nduna yaikulu António Costa anapepesa ali ku Maputo mu Sepitembala 2022.

Kodi damu la Cahora Bassa linakhala lathu pa tsiku la ufulu?

Ayi. Ntchito yomanga damuli inayamba mu 1969 nkhondo ili mkati, ndipo madzi anayamba kudzaza kumapeto kwa 1974. FRELIMO inkalidana nalo poyamba, poona kuti cholinga chake chinali kulimbitsa ulamuliro wa azungu ndi kugulitsa magetsi ku South Africa. Anthu ambiri a m'mphepete mwa Zambezi anachotsedwa m'malo awo kuti nyanja ipeze malo.

Ufulu utabwera, Portugal anatsala ndi magawo 82 mwa 100 a kampani yoyendetsa damuli, ponena kuti ayenera kubweza ngongole zomangira. Zinakhala choncho zaka 32. Pa 27 Novembala 2007, ku Songo, m'nthawi ya Armando Guebuza, m'pamene Mozambique anatenga magawo 85 mwa 100 atalipira madola 700 miliyoni. N'chifukwa chake ena amalitcha tsiku limenelo ufulu wachiwiri. Damuli limatha kupanga magetsi okwana 2,075 MW, ndipo ochuluka amapitabe kunja kudzera mu nthambo zotalika pafupifupi makilomita 1,400. Munthu wa ku Marávia kapena ku Chifunde amene akuunikirabe ndi tochi ya foni ali ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti ufulu wachiwiriwo udzamufika liti.

Bwanji abale athu a ku Malawi ndi ku Zambia anatsogola ndi zaka 11?

Malawi analandira ufulu pa 6 Julayi 1964, Zambia pa 24 Okutobala 1964. Atsamunda awo, Angerezi, anali atavomera kale kuti nthawi yochoka yakwana, ndipo anakambirana ndi zipani za eni dziko. Portugal anali ndi maganizo ena. Salazar ankati Mozambique si dziko lolamulidwa koma chigawo cha Portugal chimene chili kutsidya la nyanja, ndiye palibe chokambirana. Kwawo komweko zipani zotsutsa zinali zoletsedwa. Chotsalira chinali mfuti.

Malire amene anatisiyanitsa anagwirizanidwa ndi Britain ndi Portugal mu 1891, popanda kufunsa mfumu ya Achewa kapena ya Angoni. Kotero banja limodzi la ku Dómuè ndi ku Dedza, lolankhula chinenero chimodzi, lovina gule mmodzi, limakondwerera ufulu pa masiku awiri osiyana. Maiko ena amene anali pansi pa Portugal anamasuka chaka chomwecho cha 1975: Cabo Verde pa 5 Julayi, São Tomé e Príncipe pa 12 Julayi, Angola pa 11 Novembala. Guiné-Bissau anali atalengeza kale wake mu 1973.

Kodi anthu a m'midzi anaonera mwambowo pa wailesi yakanema?

Wailesi yakanema kunalibe. Inayamba mu 1981, ndipo poyamba inkangofika ku Maputo. Amene anali ndi wailesi ya mabatire anamvera pamenepo, anansi atazungulira. Ena anamva pa misonkhano. Samora anali atayenda ulendo wa mwezi wathunthu kuchokera ku Rovuma kumpoto mpaka ku likulu, akuima m'zigawo ndi kulankhula ndi makamu a anthu, ndipo anafika ku Lourenço Marques pa 23 Juni.

Ufulu utabwera, kodi moyo unasintha pompo?

Zina zinasintha msanga. Pa 24 Julayi 1975 boma linatenga masukulu ndi zipatala, ndipo ana ambiri amene kale sakanaponda m'kalasi anayamba kuphunzira. Akuluakulu ankaphunzira kuwerenga madzulo. Katemera anafika m'midzi. Munthu wakuda analeka kuvula chipewa ndi kupatuka panjira chifukwa choti kukubwera mzungu.

Zina zinawawa, ndipo kubisa sikuthandiza. Mafumu anachotsedwa pa udindo ponenedwa kuti ankatumikira atsamunda, ndipo m'malo mwawo munalowa magulu otchedwa grupo dinamizador. Miyambo ya makolo, kuphatikizapo gule wamkulu ndi using'anga, inkanyozedwa ngati zinthu za umbuli. Anthu amene anali atangotuluka mu aldeamento anauzidwa kuti asamukirenso ku midzi yatsopano yokhazikitsidwa ndi boma, yotchedwa aldeia comunal. Ku Angónia, minda yaikulu imene Apwitikizi anasiya, yomwe anthu ankayembekeza kuti ibwerera kwa eniake, inasanduka munda wa boma wa CAIA. Boma linadzazindikiranso mafumu mwalamulo m'chaka cha 2000, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linaika gule wamkulu wa Malawi, Mozambique ndi Zambia pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Lero gule yemweyo amavina pa mwambo wa 25 Juni akuluakulu a boma akuwomba m'manja.

Kenako nkhondo. Mu Malichi 1976 Mozambique anatseka malire ake ndi Rhodesia pothandiza omenyera ufulu a Zimbabwe, ndipo ndege ndi asilikali a Ian Smith, mtsogoleri wa Rhodesia, anayamba kuphulitsa milatho ndi midzi ku Tete, Manica ndi Gaza. RENAMO inabadwa m'nthawi imeneyo, mothandizidwa ndi Rhodesia ndipo pambuyo pake South Africa, kenako inapeza otsatira pakati pa anthu amene anali ndi madandaulo awo. Chapakati pa zaka za m'ma 1980 nkhondo inasesa Angónia, Macanga, Mutarara ndi madera ena. Anthu oposa 1 miliyoni a ku Mozambique anathawira ku Malawi, ambiri m'maboma a Nsanje, Dedza, Ntcheu ndi Mwanza. Magalimoto a pa msewu wa Cuchamano kupita ku Zóbuè ankayenda mondondozana, operekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo chisankho choyamba cha zipani zambiri chinachitika mu Okutobala 1994. Pali anthu ambiri kuno a zaka za m'ma 30 ndi 40 amene anabadwira m'misasa ya ku Malawi, ndipo sukulu anayambira m'Chichewa ndi Chingerezi asanadziwe Chipwitikizi.

Ndiye ndi tsiku la chipani kapena la aliyense?

Funsoli limabuka chifukwa cha mmene tsikuli linasankhidwira, komanso chifukwa kuyambira 1975 mpaka malamulo atsopano a 1990 chipani ndi boma zinali chinthu chimodzi. Mpaka lero pamwambo pamaoneka malaya ndi nsalu za chipani cholamula, ndipo ena otsutsa amangokhala kunyumba.

Mwalamulo ndi tsiku la dziko lonse. Ndipo tikayang'ana amene anavutika kuti lifike, nkovuta kulipereka kwa gulu limodzi. Ophedwa ku Wiriyamu sanafunsidwe khadi la chipani. Amene anasamutsidwa ku Cahora Bassa, amene anagwira chibalo pa misewu, amene anabisa ana m'mapanga ndege zikuuluka, ana awo lero amavotera zipani zosiyanasiyana. Munthu akhoza kukwiya ndi mtengo wa feteleza kapena ndi mmene chisankho chinayendera, n'kukhalabe mwini wake wa 25 Juni.

Masiku a tchuthi okhala ndi 25 ndi 7 amandisokoneza. Kusiyana kwake nkotani?

Simuli nokha. 25 Juni ndi ufulu. 25 Sepitembala ndi tsiku la asilikali, pokumbukira kuyamba kwa nkhondo mu 1964. 7 Sepitembala ndi la pangano la ku Lusaka, lotchedwa tsiku la chipambano. 7 Epulo ndi la amayi a ku Mozambique, tsiku limene Josina Machel anamwalira mu 1971. 3 Febuluwale ndi la ngwazi, tsiku la imfa ya Mondlane, ndipo 4 Okutobala ndi la mtendere. 25 Epulo ndi tchuthi ku Portugal, osati kuno. Mzinda wa Tete uli ndi lakelake, 21 Malichi, chifukwa unakwezedwa kukhala mzinda patsikuli mu 1959.

Kodi mbendera imene inakwezedwa usiku umenewo ndi yomwe tili nayoyi?

Si yomweyi. Ya 1975 inali ndi mizere ya mitundu yobiriwira, yofiira, yakuda ndi yachikasu yotambasuka mopingasa kuchokera pangodya ya m'mwamba. Imene tikuidziwa lero, ya mizere yogona ndi chigawo chofiira cha ngodya zitatu, inayamba mu 1983. Buku, khasu ndi mfuti zinalipo pa zonse ziwiri. Mu 2005 panali mpikisano wofuna mbendera ina yopanda mfuti, koma nyumba ya malamulo inakana kusintha. Nyimbo ya fuko ndiyo inasintha, mu 2002.

Kunja kwa Mozambique, pa 25 Juni panachitikapo zotani?

Tsiku lenilenilo limene kuno mbendera inkakwera, ku India nduna yaikulu Indira Gandhi anachititsa kuti kulengezedwe lamulo la nthawi ya chiopsezo. Otsutsa anamangidwa, nyuzipepala zinatsekedwa pakamwa, ndipo zinatenga miyezi 21. Amwenye ambiri amalikumbukira tsikuli ngati lakuda.

Pa 25 Juni 1950 asilikali a North Korea anawoloka malire kulowa ku South Korea, n'kuyambitsa nkhondo imene inaima mu Julayi 1953 popanda pangano lenileni la mtendere. Pa 25 Juni 1991 Slovenia ndi Croatia analengeza kuti achoka mu Yugoslavia. Kwa Akhristu a mpingo wa Lutheran, pa 25 Juni 1530 chikalata cha chikhulupiriro chawo chinawerengedwa pamaso pa mfumu Charles V ku Augsburg. Chaposachedwa, pa 25 Juni 2024, achinyamata a ku Kenya okana misonkho yatsopano analowa m'nyumba ya malamulo ku Nairobi, ndipo ena anaphedwa ndi apolisi.

Ndi anthu otchuka ati amene anabadwa patsikuli?

Wa kuno ku Africa amene ambiri angamudziwe ndi Dikembe Mutombo, wobadwira ku Kinshasa mu 1966, chimphona cha mpira wa basketball ku America. Ndalama zake zambiri anamangira chipatala chachikulu ku Kinshasa chimene anachipatsa dzina la amayi ake, ndipo anamwalira mu 2024. Antoni Gaudí, katswiri wa zomangamanga amene anapanga pulani ya tchalitchi cha Sagrada Família ku Barcelona, anabadwa mu 1852. Mlembi George Orwell anabadwa mu 1903 ku India. Sonia Sotomayor, woweruza m'khoti lalikulu la America, anabadwa mu 1954.

Atsogoleri athu palibe amene anabadwa pa 25 Juni. Mondlane anabadwa pa 20 Juni 1920, Samora pa 29 Sepitembala 1933. Daniel Chapo, wobadwa mu Januwale 1977, ndi mtsogoleri woyamba kubadwa dziko lili kale pa ufulu, ndipo ndiye anatsogolera mwambo wa zaka 50 ku Machava mu 2025, limenenso linali Lachitatu. Kumudzi, kumene makalata a kubadwa ankachedwa kulembedwa, 1975 ndi chaka chowerengera zaka: agogo akati "ameneyu anabadwa chaka cha ufulu", mwadziwa kale msinkhu wake.

Pali zinanso zimene dziko lapansi limakumbukira patsikuli?

Pali tsiku la anthu ogwira ntchito m'sitima za panyanja, limene bungwe la dziko lonse loona za maulendo a panyanja, IMO, linakhazikitsa mu 2010. Ife tili kutali ndi nyanja yamchere, koma malasha a ku Moatize ndi fodya wa ku Angónia ndi Macanga amadutsa m'manja mwa anthu amenewa akafika ku Beira ndi ku Nacala.

Palinso tsiku la matenda a vitiligo, aja amene khungu limachita mawanga oyera. Linaikidwa pa 25 Juni chifukwa woimba Michael Jackson, amene anali ndi matendawa, anamwalira patsikuli mu 2009. Ili n'lofunika kulitchula kuno, chifukwa anthu a mawanga otere amasalidwa, ena kuwaganizira khate, ena ufiti. Vitiligo siipatsirana. Mukhoza kudyera mbale imodzi ndi munthuyo, kugwirana naye chanza, kukwatirana naye. Komabe amene waona banga pakhungu apite kuchipatala akamuone, chifukwa banga la khate, limene nthawi zambiri silimva kukhudza, limachizika ndi mankhwala likapezeka msanga.

Mwambo umayenda bwanji kuno, ndipo ntchito zimaima?

M'mawa akuluakulu a boma amaika nkhata ya maluwa pa Praça dos Heróis, mumzinda wa Tete komanso m'malikulu a maboma monga Ulónguè ndi Furancungo. Pamakhala nyimbo ya fuko, mauthenga, kuguba kwa ana asukulu, kenako magule: gule wamkulu ndi chintali kwa Achewa, ngoma kwa Angoni, mafuwe ndi nyanga kumunsi kwa Anyungwe. Masana nthawi zambiri kumakhala mpira. Ngati mukupita ndi ana ku Angónia kapena ku Tsangano, avekeni zofunda, chifukwa mwambo umayamba chisanu chisanachoke ndipo zolankhula za akuluakulu sizifulumira kutha.

Ndi feriado, tsiku la tchuthi, choncho maofesi a boma, masukulu ndi mabanki amatseka. Kuchipatala odwala mwadzidzidzi amalandiridwa monga mwa masiku onse, ndipo misika yambiri imachitika ndithu, poti ino ndi nyengo yogulitsa mbatatesi, nyemba ndi chimanga. Tsikuli likagwa Lamlungu, monga zinachitikira mu 2023, kupuma pantchito kumasunthira Lolemba. Amene muli ndi zokatenga ku banki kapena chikalata chofuna chidindo, pitani pa 23 kapena pa 24, ndipo mulawire chifukwa mzere umakhala wautali.